Kumva Pawiri

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

Mu pulogalamu yathu ya pawailesi ya za chilankhulo lero tikambirana za luso lonena mawu amodzi omveka pawiri, ndiponso za dzina limene Angerezi analipatsa lusoli. Dzinalo ndi double entendre. Pakamwa pa Mngerezi limamveka ngati dabulo ontondra. Ana athu a kusekondale amakumana nalo pophunzira masewero ndi ndakatulo za Chingerezi, ndipo ambiri amangoliloweza kuti akalembere mayeso osadziwa kumene linachokera.

Ngakhale dzinali limakhala m'Chingerezi, mawu ake ndi a Chifalansa. Double ndiye kuti pawiri. Entendre ndiye kuti kumva. Kale m'Chifalansa liwu lachiwirili linkagwira ntchito ziwiri: kumva ndi khutu, komanso kumvetsa ndi mutu. Ife izi sizitivuta, chifukwa kumva kwathu nakonso kuli chimodzimodzi. Mayi akamaliza kulangiza mwana n'kufunsa kuti "Wamva?", safunsa ngati khutu likugwira ntchito. Choncho tikati kumva pawiri, tafika pafupi kwambiri ndi chimene dzinali likunena. Ndipo taonani kumene dzinali laloza chala. Silinanene za kulankhula pawiri. Lanena za kumva. Wolankhula amatulutsa mawu kamodzi kokha, koma amene amawagawa pawiri ndi womvera. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yathu yonse yatsamira pomwepa.

Chodabwitsa n'chakuti mukapita ku Paris lero n'kunena dzinali, eni chilankhulo sakuzindikirani msanga. Iwo amati double sens, kapena amati mawuwo ndi à double entente. Angerezi anabwereka, n'kusunga, eni ake atasiya kale kunena choncho.

Nanga linawoloka bwanji nyanja? M'chaka cha 1642, nkhondo yapachiweniweni itabuka ku England, nyumba ya malamulo inatseka nyumba zonse zochitiramo masewero ku London. Mu 1649 anapha mfumu Charles woyamba, ndipo mwana wake, Charles wachiwiri, anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko, zina mwa zakazo ku France. Atabwerera kudzalowa ufumu mu 1660, masewero anatsegulidwanso, akazi anayamba kukwera nawo pabwalo la zisudzo, ndipo chilichonse cha ku France chinasanduka chonyadira pakati pa olemera: zovala, kavinidwe, ngakhale mawu. Mlembi wina wotchuka, John Dryden, analemba sewero lotchedwa Marriage à la Mode, limene linasindikizidwa mu 1673. M'seweroli muli mayi wina, Melantha, wokonda mawu a Chifalansa kopitirira muyeso, moti wantchito wake amamusonkhanitsira mawu atsopano papepala kuti akadzionetsere nawo pagulu. Pamndandanda wa mawu amenewo pali double entendre. Akatswiri a madikishonale amaloza seweroli ngati malo akale kwambiri pamene dzinali likupezeka m'mabuku a Chingerezi.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1675, William Wycherley anatulutsa sewero lotchedwa The Country Wife, ndipo m'menemo ndi mmene lusoli linaonekera poyera. Muli mwamuna wina, Horner, amene amafalitsa bodza lakuti iye ndi wogwa mumpapaya, kuti amuna anzake asamamukayikire akakhala ndi akazi awo. Pa gawo lina lodziwika kwambiri, iye ndi amayi awiri akukambirana za mbale zadothi zochokera ku China: wina akuti wapatsidwa, mnzake akufunanso yake, mwini wake akuti zatha koma adzapeza zina. Mwamuna wa mmodzi wa amayiwo waima pomwepo, akumva nkhani ya mbale basi. Oonerera onse akumva zina. Palibe liwu limodzi lolaula limene latuluka pakamwa pa munthu, koma aliyense m'nyumbamo akudziwa kuti sakukamba za mbale.

Akuluakulu a mpingo sanakondwe nazo. Mu 1698 m'busa wina, Jeremy Collier, analemba buku lonse lodzudzula masewero oterewa. Kuyambira 1737 lamulo linati sewero lililonse latsopano liyambe lawerengedwa ndi ofesi ya Lord Chamberlain lisanaonetsedwe, ndipo lamulo la mtundu umenewu linakhalapo mpaka 1968. Nayonso wailesi ya BBC mu 1949 inapatsa olemba nthabwala ake kabuku kowauza zimene sayenera kunena pamphepo. Zotsatira zake mungazilote nokha. Pamene khomo lakumaso latsekedwa, anthu amaphunzira kulowera kuseri. Oletsa amawerenga mawu papepala n'kuwapeza oyera, koma wazisudzo akawanena pabwalo, n'kuima pang'ono, n'kukweza nsidze, anthu n'kufa nazo kuseka.

N'chifukwa chake lero Mngerezi akati double entendre, kawirikawiri amatanthauza kuti tanthauzo lobisikalo ndi la kuchipinda. Ine ndimaona kuti pamenepa dzinali analichepetsa. Luso lonena mawu omveka pawiri ndi lalikulu kuposa nthabwala za amuna ndi akazi, ndipo ndi lakale kuposa Chingerezi chimene.

(Kanyimbo kakafupi)

Mlembi wa mbiri wa ku Greece, Herodotus, anasimba za Croesus, mfumu yolemera ya dziko la Lydia, kumene lero kuli Turkey. Mfumuyi inkafuna kuthira nkhondo Cyrus wa ku Persia, ndiye inatumiza amithenga kukaombeza ku kachisi wa ku Delphi. Yankho linabwera lakuti ikapita kunkhondoko idzagwetsa ufumu waukulu. Croesus anasangalala, n'kunyamuka. Ufumu waukulu unagwadi, koma unali wake womwe. Izi zinachitika zaka zoposa 540 Yesu asanabadwe. Woombeza sananame. Mawu ake anali ndi njira ziwiri, ndipo mfumu inasankha njira imene mtima wake unkafuna kale.

Amene munawerenga Macbeth wa Shakespeare pokonzekera mayeso a Fomu 4 mwakumbukira kale zofanana nazo. Afiti amamutsimikizira Macbeth kuti munthu wobadwa mwa mkazi sangamuphe. Iye akumva kuti palibe munthu aliyense. Pamapeto pake akukumana ndi Macduff, amene sanabadwe m'njira ya masiku onse koma anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake. Apa palibe choseketsa. Mawu omveka pawiri apha munthu amene anawamva kumodzi.

M'Baibulo namonso lusoli lilimo, kungoti pomasulira limatayika. Pa mutu wachitatu wa Uthenga wa Yohane, Yesu akulankhula ndi Nikodemo za kubadwa. Liwu la Chigiriki limene lili pamenepo ndi anothen, ndipo lili ndi matanthauzo awiri: kachiwiri, komanso kuchokera kumwamba. Nikodemo akugwira loyambalo, n'chifukwa chake akudabwa kuti munthu wamkulu angabwerere bwanji m'mimba. Yesu akunena lachiwirilo. Pang'ono chabe kutsogolo, liwu limodzi la Chigiriki, pneuma, likuimira mphepo komanso mzimu. Omasulira athu, kuyambira aja a Buku Lopatulika la 1922 mpaka a Buku Loyera la 1998, analibe liwu limodzi la Chichewa lonyamula zonse ziwiri, ndiye pamalo aliwonse anayenera kusankha. Sikulephera kwawo ayi. Kumva pawiri kumamera m'chilankhulo chimene kwabadwira, ndipo sikulola kuzulidwa.

Tsopano tibwere kwathu. Ife tili ndi mawu angapo ozungulira nkhaniyi. Timati chining'a, timati mkuluwiko, timati munthu akuphiphiritsa kapena akuzimbayitsa. Koma ndikufuna tisiyanitse bwino, chifukwa m'kalasi zimasakanizidwa. Ndikanena kuti mnzanga wanditsina khutu, palibe amene akuganiza za zikhadabo. Aliyense akudziwa kuti wandichenjeza mwachinsinsi. Chimenecho ndi chining'a: tanthauzo lapamwamba linafa kale, latsala lamkati lokha. Kumva pawiri sikutero. Matanthauzo onse awiri amakhala amoyo nthawi imodzi, ndipo onse awiri amakhala oona pamalopo.

Tiyerekeze kuti tili pabwalo la mudzi. Amfumu akhala pampando wawo wakale, mwendo umodzi wamangidwa ndi luzi. Anthu akhala akung'ung'udza za kagawidwe ka makuponi a feteleza. Mkulu wina, mmisiri wa matabwa, wapempha mwayi wolankhula, waomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti: "Zikomo amfumu. Ine ndimangoona kuti mpando wanuwo wayamba kugwedera. Ukufunika kuuona msanga usanakugwetseni." Bwalo lonse lati zii. Nduna ya amfumu ikamufunsa kuti akutanthauza chiyani, mkuluyo aloza mwendo womangidwa ndi luzi uja, ndipo palibe amene angamutsutse, pakuti mpandowo ukugwederadi. Koma amfumu amva, ndipo anthu adziwa kuti amfumu amva. Apa ndiye poyesera pake: munthu akakupanikiza, kodi ungaime pa tanthauzo lapamwamba, n'kukhala kuti sukunama? Ngati ungathe, kumeneko ndiye kumva pawiri.

Popeza tili pawailesi, pali china chimene ndingakuonetseni chimene buku silingathe. Tamverani mawu awa. Mtengo, uja timadula nkhuni. Mtengo, uja timafunsa pamsika. Papepala amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu lanu lamva kuti liwu lakwera mosiyana. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Kulemera kwa thumba la chimanga ndi kulemera kwa munthu wa chuma. Chichewa chimasiyanitsa mawu ambiri ndi kakwezedwe ka liwu, koma polemba sitiika zizindikiro zake. Ndiye mawu oterewa amamveka pawiri bwino akalembedwa pachikwangwani kapena mu uthenga wa pafoni, pamene pakamwa mwini chilankhulo amagwira msanga limene wanena. Amene amamvekadi pawiri ngakhale pakamwa ndi aja amene liwu ndi limodzimodzi koma linatambasuka ntchito: mpando, mwezi, mutu, kudya, kugona, moto, munda.

Kumudzi lusoli lili ndi malo ake, ndipo lili ndi malire ake. Pachisuweni ndiye pakwawo penipeni. Mnyamata wapeza msuweni wake akupalira, n'kumuuza kuti, "Asuweni, mundawu ukuonekatu kuti ukusowa woulima." Mtsikanayo osadzutsa n'komwe mutu, n'kuyankha kuti, "Makasu enatu ndi ongoyenda nawo paphewa, asuweni." Ana amene akutola ziwala pambali amva za ulimi. Akuluakulu amva zawo, aseka, nkhani yathera pomwepo. Koma mawu omwewo sangatuluke pamaso pa apongozi, ndipo mnyamata amene angawanene kwa mkazi wa mwini amene si msuweni wake akawayankha pabwalo. Chimene chimaloleza mawuwo ndi ubale wa anthu awiriwo, osati kuchenjera kwa lilime.

Pamtondo napo amayi akhala akugwiritsa ntchito lusoli kuyambira kale. Mayi amene mwamuna wake wayamba kubwera mbandakucha saima pabwalo n'kumutchula dzina. Amaimba akusinja, za fisi woyenda usiku kapena za tambala wolira kwa eni, mnzake wa munsi wachiwiri n'kumavomera. Bamboyo ali pakhonde akumva zonse. Sangapite nazo kwa ankhoswe, chifukwa akafunsidwa kuti watchulidwa pati, asowa poloza. Akakwiya, wadziulula yekha. Akakhala chete, mudzi wonse wamva kale. Ine ndimalemekeza kwambiri nzeru imeneyi, chifukwa inapatsa mawu anthu amene mwambo sunawapatse bwalo. Anzathu olankhula Chiswahili ali nazonso zotere: amazitcha mafumbo, ndipo amaziika m'nyimbo za taarab ndi m'mawu olembedwa m'mphepete mwa nsalu za kanga, moti mayi amatha kuyankha mnzake pongovala nsalu n'kudutsa pakhomo pake.

(Kanyimbo kakafupi)

Chaka chomwe chija cha 1968 chimene Britain inachotsa lamulo lounika masewero, Malawi anakhazikitsa lamulo lake lounika mabuku, nyimbo, mafilimu ndi zisudzo, pamodzi ndi bungwe loona zimenezi. M'zaka za chipani chimodzi, kunena maganizo ako poyera kunkatha kukutengera kundende popanda mlandu. Olemba achinyamata amene ankakumana ku Chancellor College kuyambira cha m'ma 1970 anatembenukira ku nthano zamakolo, ku nyama, ku mvula ndi chilala, kuti anene zimene sakanatha kunena mwachindunji. Jack Mapanje anatulutsa buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, ku London mu 1981, ndipo dzina lenilenilo likutchula bilimankhwe, kanyama kosintha maonekedwe kuti kapulumuke. Mu 1985 bukuli linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Mu Seputembala 1987 mwini wake anamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu, ndipo anatuluka mu 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse m'khoti.

Sanali olemba okha. Taganizirani liwu lakuti tambala m'masiku amenewo. Tambala ndi nkhuku ya pakhomo. Tambala, kuyambira 1971, ndi ndalama yaing'ono ya dziko lino. Tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani chimene chinkalamula. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ofuna chipani chimodzi ankavotera tambala, ofuna zipani zambiri ankavotera nyali, ndipo nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse. Ndiye munthu woima pamsika wa nkhuku miyezi imeneyo, atanyamula tambala m'mapiko n'kunena kuti uyu wakalamba, nyama yake yalimba, ankatha kukhala kuti akungotsitsa mtengo. Ankathanso kukhala kuti akuchita kampeni.

Koma pano ndi pamene mfundo ija ndinati muisunge ikuonetsa mano ake. Ngati womvera ndiye amagawa mawu pawiri, ndiye kuti angathenso kugawa mawu amene mwini wake sanawapange pawiri. Boma likadziwa kuti anthu ake akulankhula mophiphiritsa, limayamba kumva chipongwe paliponse. Kazitape amene akufuna kukondweretsa bwana wake, kapena mnansi amene mukulimbirana naye malire a munda, amangotenga mawu anu osalakwa n'kuwapatsa tanthauzo lachiwiri. Munthu wogula nkhuku uja mwina ankanenadi za nkhuku. Chitetezo cha kumva pawiri chimagwira ntchito pokhapokha pali bwalo lololera kumva mbali yanu. Pamene palibe khoti, kuloza mwendo wa mpando womangidwa ndi luzi sikukupulumutsani.

Ndipo pali malo ena amene ndikupempha ndi mtima wonse kuti lusoli tizilisiya pakhomo. Oyamba ndi kuchipatala. Chilankhulo chathu n'chaulemu, ndipo ulemuwo unatipatsa mawu ambiri ozungulira. Timati mayi wachira, kutanthauza kuti wabereka, komanso timati wachira munthu amene anadwala malungo. Timati agogo apita. Koma liwu limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala. Mankhwala ndi mapiritsi a kuchipatala. Mankhwala ndi mizu ya kwa asing'anga. Mankhwala ndi aja timathira m'chimanga kuti chisafumbwe, ndi aja timapopera thonje ndi tomato. Achibale akathamangira kuchipatala usiku ndi mnyamata amene akutuluka thovu kukamwa, n'kunena mwamanyazi kuti anamwa mankhwala, mawuwo ali ndi njira zitatu, ndipo njira iliyonse ili ndi chithandizo chake. Mphindi zimene namwino akuwononga pofufuza tanthauzo ndi mphindi zimene poizoni akulowerera m'thupi. Ngati botolo kapena paketi ilipo, inyamuleni mupite nayo. Nenani dzina lake, nenani nthawi imene anamwa, nenani kuchuluka kwake.

Malo achiwiri ndi pamene mwana akutiuza zimene zamuchitikira. M'nyumba zambiri ana amagona mphasa imodzi ndi achibale, ndiye mwana akati wakutiwakuti anagona nane, wamkulu amene sakufuna mavuto ali ndi pothawira: amasankha tanthauzo losalakwalo n'kupitiriza kuphika. Anthu ochitira ana nkhanza amadziwa zimenezi, ndipo nawonso amaphimba zochita zawo ndi mawu ngati kusewera kapena kucheza. Croesus anamva zimene mtima wake unkafuna, ndipo kholo nalonso lingachite chimodzimodzi. Mwana akanena mawu otere, khalani naye pansi pamalo a awiri, musamukalipire, musamuikire mawu m'kamwa, mufunseni modekha kuti akuuzeni zimene zinachitika. Muphunzitseni adakali wamng'ono mayina enieni a ziwalo za thupi lake, kuti tsiku limene adzafune kukuuzani kanthu asadzasowe mawu. Ndipo mukamva zokayikitsa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kenaka kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

 

(Nyimbo yotsekera)